Kadamsana wa 2030: tidzamuonera ku Joni konkuno kapena tiyende?

Wowotcherera_Booysens:
Moni nonse pagulu. Mtsikana wanga wa Grade 7 wabwera ndi nkhani kuchokera kusukulu yakuti pa 25 November 2030 kudzachitika kadamsana wa dzuwa m'dziko muno, dzuwa lidzathimiratu kunja kutacha kale. Ndili ndi mafunso awiri kwa odziwa. Kodi ife a ku Joni tidzauona mdimawo? Chachiwiri, aphunzitsi ake akuti pamafunika magalasi apadera ogula. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera, tsiku lililonse ndimayang'ana moto wothobwa m'maso ndili mu helmet. Bwanji banja lonse osangosinthana helmet yomweyo? Za magalasizi ndikuziona ngati bizinesi chabe.

Aise_Tembisa:
2030? Achimwene, anzanu tikusowa tulo ndi lendi ya mwezi uno inu muli kale ku 2030?

MaiWaMapasa:
Musataye ndalama bambo. Kwathu ku Balaka mu 2001 tinangothira madzi m'beseni n'kumaonera m'menemo. Mpaka lero maso anga ali bwinobwino.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwana wanu sananame. Tsikulo lidzakhala Lolemba, ndipo zidzachitika m'mawa, 7 koloko itapitirira, dzuwa litakwera ndithu. Koma pa funso lanu loyamba yankho ndi ayi. Mthunzi wa mwezi umene umabweretsa mdimawo ndi kanjira kopapatiza, ndipo Johannesburg ili kunja kwake. Kanjirako kadzalowera ku Namibia, kudutsa pa Windhoek, kum'mwera kwa Botswana, kenako North West, Free State cha ku Welkom, kumpoto kwa Lesotho, n'kukatulukira kunyanja cha ku Durban, ulendo wa ku Australia. Kuno mwezi udzaphimba dzuwa kupitirira 90 peresenti, koma kachidutswa kadzatsala, ndipo kachidutswa kameneko n'kokwanira kuwononga diso. Choncho kwa wotsala ku Joni lamulo n'limodzi basi: palibe ngakhale sekondi imodzi yoyang'ana dzuwa ndi maso osatchinga, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Za helmet, yang'anani nambala imene yalembedwa pagalasi lake. Yoyenera kuonera dzuwa ndi shade 14. Pansi pa 12 musayerekeze n'komwe. Ambiri amene amawotcherera mageti ndi ma burglar bar amagwiritsa 10 kapena 11, ndipo a gasi ndiye amakhala cha m'ma 5. Helmet zija zimada zokha zikaona moto nazo musazidalire, dzuwa silingazidzutse monga umachitira moto wa ndodo yowotcherera.

Wowotcherera_Booysens:
Ndapita kukaona. Yanga yalembedwa 11. Ndiye nditaphatikiza magalasi awiri?

Mphunzitsi_Wopuma:
Musayambe masamu ndi maso a mwana. Galasi la 14 mukhoza kuliitanitsa komwe mumagula ndodo zanu, nthawi ilipo yambiri.

Namwino_wa_Usiku:
@MaiWaMapasa amayi, munachita mwayi, koma mwayi wanuwo musaugawe kwa ana a eni. Madzi amachepetsadi kuwala, koma osati mokwanira, ndipo vuto la beseni n'lakuti munthu umakhala chiweramire nthawi yaitali poganiza kuti watetezeka.

Ndifotokoze chimene chimachitika m'disomo, chifukwa anthu amaganiza kuti akamapsa amva kuwawa n'kusiya. Kumbuyo kwa diso kuli retina, pamene pamagwera chithunzi cha zonse timaona. Pamenepo palibe mitsempha yomvera ululu. Masiku onse dzuwa limatiteteza lokha chifukwa limathobwa, umaphethira n'kuyang'ana kumbali. Pa kadamsana kuwala kumachepa moti ukhoza kulimba mtima n'kuyang'anitsitsa, pomwe kachidutswa kotsalako kakuwala ndi mphamvu yake yonse. Umapita kunyumba uli wosangalala. Pakapita maola angapo, mwina mawa lake, m'pamene umaona kadontho kakuda kapena kachifunga pakati penipeni pa chimene ukuyang'ana, mizere yowongoka ikuoneka yopindika, uthenga wa pafoni sukuwerengeka. Ena zimatha pakapita miyezi, ena zimakhalirira, ndipo palibe mankhwala odonthezera amene amabweza pamene pawonongeka.

MaiWaMapasa:
Koma mudzi wonse unaonera m'mabeseni, sindinamve wina atachita khungu.

Namwino_wa_Usiku:
Sachita khungu lenileni amayi, amayenda bwinobwino. Koma akalephera kulowetsa ulusi m'singano amati ndi ukalamba, kapena amulodza. Anakayezetsa maso ndani kumudziko?

Aise_Tembisa:
Nanga ma shades anga a Ray-Ban aja? Ndi akuda heve.

Kamtsikana_ka_Wits:
Ogula pa robot aja? Ngakhale atakhala enieni sangathandize, ngakhale mutavala atatu. Magalasi a kadamsana ndi akuda kuposa amenewo maulendo masauzande. Chimodzimodzi galasi lofukiza ndi utsi wa kandulo, filimu ya X-ray, CD, pepala la chipisi lonyezimira mkati, zonsezo ayi. Oyenera amalembedwa ISO 12312-2. Koma achinyengo nawonso amadziwa kusindikiza nambala imeneyo, ndiye muziwayesa: mukawavala m'nyumba musaone kalikonse, mipando ayi, anthu ayi, mwina babu lowala kwambiri lokha n'kumaoneka mozimirira. Mukaona nawo TV, tayani. Akakhala ndi kabowo kapena okalika, tayani. Nthawi ikayandikira funsani ku planetarium, nyumba yoonetsera zakumwamba, ya ku yunivesite ya Wits kapena a Astronomical Society of Southern Africa, ali ndi nthambi ya Johannesburg, akuuzani kogula odalirika. Za pamsewu sabata yomaliza ndikuziopa kale.

Dalaivala_N1:
Ine ndinamuona weniweni, pa 4 December 2002. Ndinali pamzere wa mathiraki pa Beitbridge, kudikira mapepala a katundu. Cha m'ma 8 koloko m'mawa. Kunali timitambo, tinkada nkhawa, koma panatseguka mpata pa nthawi yake. Azungu anali atadzaza ku Musina ndi mamakina awo, ife tinangopezekapo mwangozi. Mzimbabwe wina anali ndi magalasi apepala, tinkalandirana madalaivala ambirimbiri. Mdima weniweni unangokhala mphindi imodzi ndi kanthu. Koma abale, bambo wina wamkulu, wa ndevu zake, anagwada pa tala n'kuyamba kupemphera mokweza. Palibe amene anamuseka.

Aise_Tembisa:
Ulendo wonse wa ku Durban chifukwa cha mphindi imodzi? Ngati kuno ndi 90 yakutiyakuti, kusiyana kwake n'kochepa. Ine ndionera pa Tembisa pompano.

WakuChipata:
Aise, pamenepo m'pamene anthu ambiri amanamizikira. Ndikuuzeni zimene ndinaona ku Lusaka pa 21 June 2001, ndili pasukulu ya ukachenjede.

Mwezi unayamba kuluma dzuwa masana, ndipo kwa ola lathunthu kunalibe chodabwitsa. Ukavula magalasi n'kuyang'ana pansi, kunja kuli ngwee ngati masiku onse. Anthu ena anatopa n'kuyamba kugula mowa. Dzuwa litaphimbika theka, osavala magalasi sakanadziwa n'komwe kuti kumwamba kukuchitika kanthu. Chakumapeto m'pamene kuwala kunasintha mtundu, kukhala kotuwa, kofooka, koma kosafanana ndi kwa madzulo chifukwa dzuwa linali lidakali pamwamba. Zithunzithunzi zathu pansi zinathwa m'mbali moti umatha kuona tsitsi limodzilimodzi. Kamphepo kozizira kanayamba, aliyense kufuna juzi. Mbalame zinayamba kuthamangira m'mitengo. Mpaka apa ndi zimene mudzaone ku Tembisa, ndipo n'zabwino ndithu.

Koma chotsatiracho simudzachiona. 3 koloko itangopitirira, kumadzulo kunada bii, mdimawo ukubwera chothamanga. Kachidutswa ka dzuwa kanaduka kukhala timadontho towala, kenako kadontho kamodzi kowala kwambiri pamphepete, kenako thimu. Wina anakuwa kuti vulani magalasi. Ndinavula. Pamene panali dzuwa panali bowo lakuda, lakuda kuposa thambo lonse, ndipo mozungulira bowolo munali kuwala koyera kotambalala mbali zonse, kopyapyala, kumene amati corona. M'mphepete munali timalawi tofiirira. Chapafupi pankawala nyenyezi imodzi, ena anati ndi Jupiter. Ndipo m'munsi mwa thambo, kuzungulira mbali zonse zinayi, munali kufiira kwa chisisira, kum'mawa ndi kumadzulo komwe nthawi imodzi. Azimayi nthungululu, ana kulira, agalu kuuwa, thupi langa lonse tsembwe. Zinatenga mphindi zitatu ndi pang'ono, koma mutandifunsa pompo ndikanalumbira kuti anali masekondi makumi awiri.

Corona ija kuwala kwake n'kochepa kwambiri, kachidutswa kakang'ono ka dzuwa kamaibisa yonse. N'chifukwa chake ngakhale 99 peresenti sikupatsa chimenecho. Kutsala ku Joni ndi kumva fungo la nyama yowotcha kwa aneba, iwe n'kumati wadya nawo.

Anaphiri_Cosmo:
Mwandisokoneza. Anamwino akuti osayang'ana, inu mukuti munavula magalasi. Zoona n'ziti?

Mphunzitsi_Wopuma:
Zonse n'zoona, Anaphiri, zikusiyana malo. Munthu amene ali mkati mwa kanjira kaja amavula magalasi pokhapokha dzuwa likaphimbika lonse, ndipo chizindikiro chake n'chakuti m'magalasimo simukuonekanso kanthu. Nthawi imeneyo palibe choopsa, ndipo ukapanda kuvula suona chilichonse. Kadontho kowala kakangotulukira mbali inayo, yang'anani pansi, valani. Ku Welkom ndi ku Durban nthawi imeneyo idzakhala cha m'ma mphindi ziwiri. Ku Johannesburg nthawi imeneyo kulibe. Amene anali ku Rujewa, m'chigawo cha Mbeya ku Tanzania, pa 1 September 2016 akumbukira kadamsana wina, uja mwezi unalowa pakati dzuwa n'kutsala mkombero wowala. Wotero savulira magalasi ngakhale uli pakati penipeni pa kanjira.

Mlaliki_Rosettenville:
Mukukamba za magalasi koma simukufunsa kuti zizindikiro zimenezi zikutanthauza chiyani. Dzuwa linadanso tsiku limene Ambuye anapachikidwa. Anthu atembenuke mtima, nthawi yatha.

Kamtsikana_ka_Wits:
Abusa, ndi ulemu wonse, mdima wa tsiku limenelo sungakhale kadamsana wa dzuwa. Paskha amachitika mwezi uli wathunthu, pomwe kadamsana wa dzuwa amatheka mwezi uli mumdima basi, pamene uli pakati pa ife ndi dzuwa. Komanso uja akuti unatenga maola atatu, pomwe mdima weniweni wa kadamsana supitirira mphindi zisanu ndi ziwiri ndi theka. Ndiye ngati mumakhulupirira kuti chinali chozizwitsa, musachiphatikize ndi ichi chimene tikudziwa kale tsiku ndi ola lake.

Mlaliki_Rosettenville:
Mwana iwe, kudziwa ola sikuchotsa Mwini wake. Anaika dzuwa ndi mwezi pamalo oti zikwanirane ndendende ndani?

Mphunzitsi_Wopuma:
Pamenepo abusa mwagwira chinthu chimene chimadabwitsa ngakhale asayansi. Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi pafupifupi ka 400, komanso lili kutali kuposa mwezi pafupifupi ka 400, n'chifukwa chake kumwambaku zimaoneka zofanana kukula. Tanthauzo lake aliyense aone ndi chikhulupiriro chake.

Che_Mayfair:
Ife Asilamu tili ndi swala yake ya kadamsana, timasonkhana kumzikiti mpaka dzuwa litayera. Tsiku limene anamwalira Ibrahim, mwana wa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, kunachitika kadamsana, anthu n'kumati dzuwa likulira maliro. Mtumiki anawakaniza, anati dzuwa ndi mwezi sizida chifukwa cha imfa kapena moyo wa munthu aliyense. Choncho zoti kadamsana akulosera imfa ya mfumu kapena ya pulezidenti ife sitivomereza. Koma ndikavomera ulendowu mundipezere mzikiti ku Welkom.

Admin_Gulu:
Zachipembedzo zithere pomwepa chonde, tonse tikudziwa mmene zinathera ulendo watha.

Anaphiri_Cosmo:
Funso lina, musandiseke. Apongozi anga amati mayi woyembekezera asatuluke panja nthawi ya kadamsana, mwana amabadwa ndi chilema. Komanso chakudya chophikidwa nthawi imeneyo amati n'chotaya.

Namwino_wa_Usiku:
Palibe chokusekerani achemwali, zimenezi zimanenedwa m'mayiko ambiri. Koma kadamsana ndi mthunzi chabe, dzuwa silitulutsa china chachilendo tsiku limenelo. Woyembekezera atuluke, avale magalasi ngati wina aliyense. Nsima idyedwe. Amene ndimawadera nkhawa ine ndi ana aang'ono, chifukwa magalasi apepala aja amawakulira n'kumasuzumira pamwamba. Kwa iwowo bwino kuwaonetsa chithunzi cha dzuwa pansi.

MaiWaMapasa:
Chithunzi pansi mwanjira yanji, poti beseni mwandiletsa?

Kamtsikana_ka_Wits:
Amayi, tengani katoni, boolani kabowo kamodzi ndi singano yaikulu. Fulatirani dzuwa, gwirani katoniyo m'mwamba cha paphewa, kuwala kodutsa pabowo kugwere papepala loyera kapena pakhoma. Kadontho kowalako ndi chithunzi cha dzuwa, ndipo mudzakaona kakulumidwa pang'onopang'ono. Osasuzumira pabowopo, mumayang'ana papepala. Chipande cha mabowo chokazingira chipisi chimachita bwino koposa, bowo lililonse limatulutsa kadzuwa kake. Ngakhale pansi pa jacaranda kapena mtengo uliwonse wa masamba, mipata ya masamba imagwira ntchito yomweyo, pansi ponse pamadzaza timiyezi tatsopano mazanamazana. Mapasa anuwo adzakondwa ndi zimenezo kuposa magalasi.

Jere_wa_Mzimba:
Inu mukukamba 2001 ndi 2002, ife Angoni kadamsana timamudziwa kuyambira kale. Zwangendaba powoloka Zambezi cha ku Zumbo ndi anthu ake dzuwa linada masana, ndipo n'zimene zinathandiza olemba mbiri kupeza kuti munali mu November 1835. Tsono taonani: makolo anachoka ku Natal, anawoloka ndi kadamsana mu November, ndipo ife adzukulu tabwerera, kadamsana akudzatipeza ku Natal komweko mu November. Ine wa ku Durban basi, ndi chibiya cha masese.

Mngoni_wa_Ntcheu:
Muzinena kuti Angoni a kwa Jere. Ife a kwa Maseko tinawoloka patokha, sitinadikire mdima.

Jere_wa_Mzimba:
Munawoloka mochedwa, dzuwa linali litatopa kale.

Dalaivala_N1:
A Jere, za Durban ganizani kawiri. Ndimayenda N3 kawirikawiri, November kumeneko m'mawa kumakonda kuchita mitambo, ukatsika pa Van Reenen's Pass n'kupeza chifunga mpaka Pietermaritzburg. Mukayenda makilomita oposa 550 kukaonera mitambo ikuda. Kumtunda kuno mvula ya November imakonda masana ndi madzulo, m'mawa nthawi zambiri kumacha koyera. Ukamapita kumadzulo mwayi umakulirakulira, a ndalama zawo adzathamangira ku Namibia. Kwa ife Welkom ndiye pafupi: N1 mpaka Kroonstad, kenako kukhota, maola atatu. Ndipo ukakhala ndi galimoto ukhoza kuthawa mtambo, kungoti usatuluke m'kanjira.

Gogo_Turffontein:
Welkom mwanditchulira dzina. Malume anga anagwira mgodi wa golide kumeneko nthawi ya Wenela, asanaletse a Kamuzu mu 1974 itagwa ndege ija ku Francistown. Anabwera ndi wailesi, njinga ndi chifuwa. Sindinapondeko. Mukapanga ulendo mundiwerengere, ngati Mulungu adzandisunge, ndikaone dzuwa ndi dera limene anatha nalo mphamvu.

Aise_Tembisa:
Chabwino mwandigonjetsa pang'ono. Koma Lolemba m'mawa? Bwana wanga ndikamuuza kuti ndikukaona dzuwa adzati dzuwa liliponso pa site.

MaiWaMapasa:
Ife ogwira m'nyumba ndiye Lolemba n'lochapa. Koma madamu anga amakonda zoterezi, mwina adzanditenga okha.

Mphunzitsi_Wopuma:
Pemphani tchuthi cha tsiku limodzi chaka chimenecho chikangoyamba. Malo amodzi amadikira zaka pafupifupi 375, kutengera pakatikati, kuti mthunziwu uwadutsenso. Mwezi umadutsa pakati pa ife ndi dzuwa mwezi uliwonse, koma njira yake ndi yopendekeka ndi madigiri asanu, ndiye mthunzi wake nthawi zambiri umaphonya dziko, kudutsa pamwamba kapena pansi. Ukagunda, umagunda kanjira kochepa, kawirikawiri panyanja. Wa pa 2 August 2027 ndi wautali zedi, ku Luxor ku Egypt mdima upitirira mphindi zisanu ndi imodzi, koma ndani pagulu pano ali ndi ya ndege? Uwu wa 2030 ukubwera pamtunda wa thanki imodzi ya petulo.

Zithunzi_Randburg:
Ojambula ndikuchenjezeni. Kamera ya lens yaitali, binoculars, telescope, zonsezi zimafuna sefa yakeyake yomangidwa kutsogolo, kumene kuwala kumalowera. Kuvala magalasi a kadamsana n'kusuzumira mu binoculars ndiye koopsa kuposa zonse, chifukwa kuwala kosonkhanitsidwako kumabowola kapepalako nthawi yomweyo n'kulowa m'diso. Foni mukhoza kuitchinga ndi galasi la kadamsana pa kamera yake, mupeza kadontho kakang'ono kachikasu, basi. Langizo langa ngakhale ndimadyera kujambula: mdima ukafika foni ikhale m'thumba. Mphindi ziwiri zimathera kusaka focus. Ngati mukufuna chokumbukira, iimikeni penapake ijambule vidiyo ya anthu, phokoso lawolo ndiye mudzalikonde.

WakuChipata:
Zoona zimenezo. Zithunzi za akatswiri zidzadzaza pa intaneti tsiku lomwelo, zoposa zanu.

Anaphiri_Cosmo:
Ndiye tipange chipereganyu cha ulendo. Tikapezeka 15 tikwana Quantum imodzi. Magalasi tigule limodzi, msanga, mitengo isanakwere.

Che_Mayfair:
Koma tisalowe za Lesotho, ena mapepala athu sakonda ma border.

Dalaivala_N1:
Welkom mulibe border Che. Koma kunyamuka Lolemba m'bandakucha ndikukana. Gauteng yonse idzakhala pa N1 usiku umenewo, ndipo pa toll ya Grasmere padzaima mzere. Mwezi umayamba kuluma dzuwa ola lathunthu mdima usanafike, ndiye 6 koloko tizikhala titakhazikika kale, pamalo poyera poona kum'mawa. Tinyamuke Lamulungu masana, tikagone konko, ngakhale m'galimoto.

Aise_Tembisa:
Ndalama asunga ndani? Chifukwa za ulendo wa ku Hartbeespoort zija mpaka lero sitinamve mutu wake.

Admin_Gulu:
Aise, nkhani imeneyo inatha pa msonkhano. Ofuna ulendo lembani mayina kwa Anaphiri ku inbox, osati pano. Asungichuma adzakhala awiri, ndipo Aise simuli m'gulu la awiriwo.

Jere_wa_Mzimba:
Anaphiri ndilembeni malo awiri a Welkom. Koma kukacha koyera ku Durban tsiku limenelo, a Dalaivala mudzandibwezera ya mpando.